Chilengezo: Zokambirana za Walter Camp Loweruka Lino

Mamembala nonse a gulu lathu la mbiri ya masewera, tikukudziwitsani kuti Loweruka lino tikumana pamalo athu a nthawi zonse, 2 koloko masana. Tidzakambirana za Walter Camp, amene ambiri amamutcha tate wa mpira wa ku America (American football).

Camp anabadwa mu 1859 ku Connecticut, m'dziko la America, ndipo anayamba kusewerera yunivesite ya Yale mu 1876, nthawi imene mpirawu unali ngati rugby basi. Mu 1880 iye anatsogolera zochepetsa osewera kuchoka pa 15 kufika pa 11 mbali iliyonse, komanso zoti matimu aziima pamzere moyang'anizana, timu imodzi ili ndi mpira. Mu 1882 anabweretsa lamulo loti timu ikalephera kupita patsogolo mayadi 5 m'maulendo atatu, izipereka mpira kwa anzawo.

Chomwe chimandikhudza kwambiri n'chakuti pamene ankaphunzitsa timu ya Yale, kuyambira 1888 mpaka 1892, masana ankakhala kuntchito pakampani yopanga mawotchi ku New Haven, mzinda umene kuli yunivesite ya Yale. Mkazi wake Alice ndiye ankaima pabwalo ndi kabuku m'manja, kulemba zomwe anyamata akulakwitsa, ndipo madzulo ankazikambirana kunyumba. Mayiyu tisamuiwale ayi! Mu 1888 timuyo inapambana masewero onse 13 popanda mdani kuigoletsa ngakhale kamodzi.

Camp anaphunzitsanso timu ya yunivesite ya Stanford, ndipo anamwalira mu 1925.

Chonde fikani msanga ndi cholembera, poti tidzajambula kaimidwe ka osewera pabolodi. Amene simutha kubwera, dziwitsani mlembi pofika Lachisanu.