Za mimba yachiwiriyi, mwana wanga

Mwana wanga,

Uthenga wako wandipeza, ndipo ndakondwa kumva kuti uli ndi pakati. Mantha ako nawonso ndawamva. Wafunsa ngati uyunso adzabwera masiku asanakwane monga mkulu wake, kenako wafunsa chimene unalakwitsa ulendo uja. Funso lachiwirili lisiye. Nthawi zambiri mwana akabadwa msanga, madokotala amafufuza koma osapeza chimene chayambitsa. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la World Health Organization (WHO) linawerengera kuti m'chaka cha 2020 ana pafupifupi 13.4 miliyoni anabadwa masabata 37 asanakwane, ndiye kuti mwana mmodzi mwa ana khumi alionse padziko lonse. Sizingatheke kuti amayi onsewo anali osasamala.

Funso loyambalo ndikuyankhe mosabisa. Mayi amene anaberekapo masiku asanakwane ali pachiopsezo kuposa anzake, ndipo pa zonse zimene achipatala amayang'ana, ichi amachitenga mwamphamvu kwambiri. Komabe ambiri mwa amayi otere mimba yotsatira amaifikitsa. Ndiye chimene chinakuchitikiracho usachisunge mumtima ngati mlandu, upite nacho kusikelo ukachitule. Upite tsopano lino, usadikire kuti mimba iyambe kuoneka. Kuyambira mu 2016 bungwe lomweli limalangiza kuti mayi woyembekezera aonane ndi achipatala kosachepera kasanu ndi katatu, ulendo woyamba ukhale masabata 12 asanadutse. Ukakafika usadikire kufunsidwa. Uwauze azamba kuti mwana woyamba anabadwa pa masabata angati, ngati nsupa ndiyo inayamba kusweka kapena zowawa ndizo zinatsogola, ngati unatentha thupi, ngati unataya magazi. Mapepala akuchipatala a nthawi ija uwatenge.

Ndikulimbikira zimenezi chifukwa cha khomo la chiberekero. Limayenera kukhala lalitali ndi lotseka ngati pakamwa pa thumba lomangidwa bwino, mpaka nthawi itakwana. Kwa amayi ena limayamba kufupika mimba ili pakatikati, mwakachetechete, popanda ululu ulionse. Akadziwa mbiri yako akhoza kuliyeza pokuunika ndi makina, ndipo likapezeka lalifupi pali mankhwala otchedwa progesterone, enanso amawasoka khomolo kuti ligwire. Zonsezi zimathandiza zikachitika nthawi ilipo.

Chimene ndimachiopa kwambiri ine ndi matenda obisala, chifukwa akazi timawapeputsa. Tizilombo tikalowa m'njira ya mkodzo kapena m'njira yoberekera, tikhoza kukwera mpaka pafupi ndi mwana. Thupi polimbana nato limatulutsa zinthu zimene zimafewetsa khomo, kufooketsa nsupa ndi kuyambitsa chiberekero kukoka. Matenda a chikhodzodzo pena sapweteka n'komwe, amangopezeka poyeza mkodzo, choncho akakupatsa kabotolo usanene kuti ndili bwino ine. Chikazi chikasintha fungo kapena mtundu, nena, manyazi uwasiye pakhomo. Chindoko, chinzonono ndi HIV mukayezetse nonse awiri ndi amuna ako, chifukwa iwe kuchira iwo osalandira mankhwala n'kungotaya nthawi. Malungo nawo amaononga nsengwa, imene mwana amadyera ndi kupumira. Kulikonse kumene kuli udzudzu wa malungo gona m'neti, ndipo thupi likatentha ukayezetse tsiku lomwelo. Mankhwala alionse akupatsa, umalize.

Palinso ana amene amabadwa msanga chifukwa madokotala asankha kuwatulutsa kuti apulumutse mayi ndi mwana yemwe. Kawirikawiri n'chifukwa cha kuthamanga kwa magazi kumene kumayamba mimba ikadutsa masabata 20. Mutu wosamva mankhwala, maso kuchita chidima kapena kuona tinyenyezi, nkhope ndi manja kutupa mpaka mphete kukana kuvuka, kupweteka pansi pa nthiti kumanja: zimenezi sizogona nazo. Shuga wosasamalidwa amabweretsanso vuto, chimodzimodzi nsengwa ikakhala pansi potseka njira kapena ikamatuka nthawi isanakwane. Magazi akaoneka, ngakhale kadontho, nyamuka.

Zina sungazisinthe. Mapasa ambiri amafulumira chifukwa chiberekero chimadzadza msanga. Atsikana aang'ono ndi amayi opitirira zaka 35 chiopsezo chawo chimakwera, koma iwe suli mbali zimenezo. Mimba zothithikana nazonso zimachititsa, ndipo apa unachita bwino kudikira mpaka mdzukulu wanga atadutsa zaka ziwiri, thupi linapeza mpata wobwezera magazi. Mapiritsi oonjezera magazi aja ndikudziwa amakunyansa, koma imwa.

Tsopano ndime iyi uwawerengere apongozi anga, amuna akowo. Utsi wa fodya umafinya mitsempha yopita kwa mwana, ngakhale wosutayo akhale wina m'nyumbamo. Utsi wa moto m'chipinda chotseka nawo siwabwino. Mowa ndiye ayi ndithu. Kuimirira tsiku lonse, kunyamula zolemera, kusagona, nkhawa zosatha ndi mikangano ya m'nyumba, zonsezi thupi la mayi woyembekezera limazimva. Sindikunena kuti ugone pansi miyezi yonseyi, kuyendayenda n'kwabwino. Ndikunena kuti ntchito zolemera azitenge iwowo, ndipo ndalama ya ulendo wa usiku ikhale pambali kuyambira lero.

Ulendo wa usikuwo ndiwo ndikufuna uumvetse. Mimba ikamalimba ndi kumasuka mobwerezabwereza, msana ukamawawa chakumunsi osasiya, ukamamva kulemera ngati mwana akukankhira pansi, kapena madzi akamachucha pang'onopang'ono mpaka kukayika ngati ndi mkodzo, usadikire kuti kuche, usandiimbire ine kaye. Pita. Pakati pa masabata 24 ndi 34 pali jakisoni amene amabaya mayi kuti mapapo a mwana akhwime msanga, koma amafuna tsiku limodzi kapena awiri kuti agwire bwino ntchito. Masabata 32 asanakwane palinso mankhwala a magnesium sulphate oteteza ubongo wa mwana. Wofika mutu wa mwana utatsika kale zimenezi zimamudutsa. Akakubweza kuti sichinthu, ubwerere mosangalala, palibe amene wataya kanthu.

Ndipo zikachitika kuti uyunso wafulumira, njira ukuidziwa kale. Ndinakuona utamuika mkulu wake pachifuwa khungu kwa khungu, kachipewa kakutsetserekera m'maso chifukwa kamutu kanali kakang'ono, iwe ukufinyira mkaka m'kakapu kuti amwe madontho. Njira ya kangaru ija inayambira mumzinda wa Bogotá ku Colombia mu 1978, pamene makina ofunditsa ana ankapelewera, ndipo mu 2022 WHO inalangiza kuti izingoyamba mwana akangobadwa. Abambo nawonso amatha kufukata, awa uwaphunzitse nthawi ino.

Undiuze tsiku limene upite kusikelo ndi zimene akakuuze, makamaka za khomo ndi za mkodzo. Mimba ikafika miyezi isanu ndi umodzi ndibwera ndidzakhale nanu, wamkuluyo adzakhale m'manja mwanga. Undiperekere moni kwa apongozi anga.

Ndine mayi ako.