Kwa inu a shopu ya masipeya amene munandigulitsa vavu ya pa sampu ya Hilux yanga

Abwana, ndalemba pano poyera chifukwa ku inbox mwasiya kundiyankha, ma message mukuwerenga ndithu ndikuona, foni ndikaimba mnyamata wanu akungoti bwana atuluka abwera masana, masana ake sakufika mpaka lero sabata yachitatu ikutha. Dzina la shopu sinditchula pano koma mukudzidziwa, ndipo ndakutumizirani zomwezi pa WhatsApp kuti musadzanene kuti simunaone.

Ndiyambe kumene tinayambira kuti ena amene akuwerenga amve bwino. Ine ndili ndi Hilux ya dizilo, injini ya 2KD ija ya 2.5 ambiri timangoti D4D, ndipo galimoto imeneyi ndi imene imadyetsa banja langa, imanyamula feteleza kupita ku munda ku Mchinji, imabweretsa soya ndi mtedza ku Lilongwe. Oyilo ndimasintha ndekha pakhomo pa makilomita 5,000 aliwonse, ndinayamba kalekale nditaona kuti anyamata a m'magalaja ena amamanga bawuti ya pa sampu (beseni la oyilo la kunsi kwa injini) ngati akumanga tayala la thiraki, mutu wa bawuti unachita kuperepeseka sipanala osagwiranso. Kusintha wekha sikovuta koma chimene chimanditopetsa ndi nthawi yomasula bawuti ija, oyilo wotentha kukutsikira m'dzanja mpaka m'chigongono, bawuti kugwera m'beseni uziyisaka ndi zala, wina kutayikira pansi pamene ana amasewera, komanso ulendo uliwonse umafunika washala yatsopano apo ayi iyamba kudontha.

Ndiye nditaona post yanu ya vavu ija ndinasangalala zedi. Kwa amene simunaionepo, ndi kavavu ka mkuwa kamene umamanga pamalo pa bawuti ya sampu kamodzi kokha basi osadzamasulanso, kali ndi kachitsulo kotsegulira kamene umakakweza pang'ono kenako kupotoza, oyilo nkuyamba kutuluka, ukatha ubweza kachitsuloko nkutseka. Zina zimakhala ndi kamlomo kovekapo paipi ndiye oyilo amangolowa m'chigubu osakhudza dzanja, ine wakudayo ndimapatsa achimwene anga amapakira mitengo ya khola kuti chiswe chisadye ndiye chigubu ndi chimene ndimafuna. Chinthucho pachokha ndi chabwino ndipo mpaka pano ndikunena kuti ndi chabwino. Vuto langa ndi inuyo ndi zimene munandiuza.

Pa post yanu munalemba kuti imalowa pa Toyota ina iliyonse, mawu amenewo alipobe lero m'mawa ndaonanso. Ine sindinangokhulupirira, ndinakufunsani pa WhatsApp kuti bwana yanga ndi Hilux 2KD, bawuti ya sampu yake ndi M12 x 1.25 (12 ndi kukula kwake, 1.25 ndi kutalikirana kwa mazinga), vavu yanuyi ndi yomweyo? Munayankha kuti ee ndi 12 yomweyo musadandaule. Ndinatumiza ndalama pa Airtel Money, K48,000, mnyamata wa kabaza anabweretsa madzulo ake. Inabwera m'kapepala ka pulasitiki kopanda chilembo chilichonse, palibe nambala palibe kapepala ka malangizo, pa vavu penipenipo palibenso cholembedwa, ndinadabwa koma ndinati mwina munagula zambiri m'katoni imodzi nkumagawa.

Loweruka m'mawa ndinaliza injini pang'ono kuti oyilo afunde, ndinakhuthula wakale, ndinasintha fyuluta, ndinapukuta pakamwa pa sampu bwinobwino nkuyamba kulowetsa vavu ndi dzanja. Inazungulira kawiri mwina kawiri ndi theka nkuima njii. Aliyense amene anagwirapo bawuti amadziwa kuti chinthu cha mazinga olondola chimayenda ndi zala mpaka kukafika pa washala, sipanala imabwera kumapeto kungolimbitsa pang'ono. Ndinaimasula, kuyesanso, chimodzimodzi. Apa ndi pamene ndinakuimbirani ndili chigonere pansi pa galimoto, simunayankhe, kenako munatumiza voice note, ilipo sindinafufute, mukunena kuti zatsopano zimalimba choncho achimwene, ingomangani ndi sipanala ilowa, tagulitsa zambiri palibe anadandaulapo. Ndinakumverani chifukwa inu ndi amene mumagulitsa zinthuzi tsiku ndi tsiku ndipo ndinali nditafunsa kale za saizi. Ndinamanga, inalowa molimba mpaka kumapeto, ndinathira oyilo watsopano wa 15W-40 pafupifupi malita 7.

Lamulungu m'mawa pansi pa galimoto panali kadontho kakuda kakukula ngati chikhatho. Ndinajambula nkukutumizirani. Yankho lanu linali loti ndimasule ndikulunge tepi yoyera ija ya ma pulambala pa mazinga. Abwana, sampu sitsekedwa ndi mazinga, imatsekedwa ndi washala pamene pakumana vavu ndi sampu, tepi ya pa mpope wa madzi ilibe ntchito pamenepo ndipo tizidutswa take tikalowa mkati tikhoza kukatseka sefa ya pampu ya oyilo. Ndinakana zimenezo ndinakuuzani kuti ndibwera Lolemba mudzaione nokha, Lolemba ndinafika pa shopu inu kulibe, mnyamata wanu anasuzumira pansi osagona nkomwe nkuti ndi thukuta chabe la oyilo wotsalira lisiya lokha.

Inali nthawi yokolola, soya ali pa munda akudikira, sindikanaimika galimoto sabata yonse kudikira inu. Ndimayang'ana dipisitiki, kachitsulo koyezera oyilo kaja, m'mawa uliwonse, kutsika kwake kunali kochepa ndimangowonjezera pang'ono. Lachinayi ndinapita ku munda, kumene kuja ukachoka pa tala umayenda mtunda ndithu pa msewu wa fumbi wa mabampu okhaokha, kenako kulowa m'munda mwenimweni kudutsa pa mizere ndi mapesi. Ndinapakira matumba, kubwerera, ndangolowa pa tala ndikuyandikira pa Kamwendo nyali yofiira ya oyilo ija inayaka pa dashibodi. Ndinakhotera pambali nkuzimitsa pompo. Kutsika kuyang'ana kumbuyo, mzere wakuda pa msewu kutalika mpaka kumene maso anga amalekezera. Kugwada pansi vavu kulibe, pangotsala bowo oyilo womaliza akudontha.

Sindikudziwa ngati mukumvetsa chimene nyali imeneyi imatanthauza. Siyikuuza kuti oyilo wachepa pang'ono ayi, imayaka pamene pampu yasowa chopopa mphamvu ya oyilo yagwa, kutanthauza kuti ma bering'i a kilankishafuti ndi tebo zayamba kuzungulira pouma. Ndikanakhala kuti ndikupitirira thiraki nthawi imeneyo kapena dzuwa likundithobwa m'maso osaona msanga, mphindi imodzi kapena ziwiri injini ikananoka, ndipo mtengo wa injini ya 2KD lero ndi mmene kwacha inagwera kuchokera 2023 inu mukuudziwa kuposa ine chifukwa ndi malonda anu omwewo. Ndipo si injini yokha, oyilo amene ndinamwaza pa tala paja pamadutsa anyamata a njinga zamoto atanyamula anthu, ndinakhala pamenepo ndi anthu awiri achifundo tikuthira dothi pa mzerewo mtima uli m'mwamba kuti wina angaterereke chifukwa cha galimoto yanga.

Ndinagona pa Kamwendo usiku umenewo m'galimoto kulondera soya. M'mawa ndinapeza wa lole anandikoka mpaka ku Lilongwe, matumba tinasamutsira mwa iye, zonsezo ndalama.

Makaniko amene ndinapitako, bambo wachikulire amene wagwira ma Toyota zaka zambiri, anamasula sampu yonse nkundionetsa mkati. Mazinga munalibe, anangotsala ngati ufa wachitsulo wosakanikirana ndi tinyenyeswa tamkuwa. Anandifunsa ngati ndili ndi vavu ina yonga yomweyo, ndinatuma mlamu wanga kudzagula ina pa shopu panu osanena kuti watumidwa ndi ine, munamugulitsa mutamuuzanso kuti imalowa pa Toyota iliyonse. Bambo aja anatenga kachipangizo koyezera mazinga kaja konga chipeso nkuika pa vavu yanu, inapezeka kuti ndi M12 x 1.5. Kukula kwake ndi 12 zoona monga munanenera, koma mazinga ake ndi otalikirana, pa yanu kuchoka pa zinga limodzi kufika pa linzake ndi mamilimita 1.5 pamene pa sampu ya Hilux ndi 1.25. Kusiyana kwake ndi kochepa moti ndi maso sungaone ndipo nchifukwa chake imayamba kulowa kawiri kaja ngati zili bwino, koma ukazungulitsa kanayi zasemphana kale ndi milimita yathunthu, kuchokera pamenepo sipanala ikungodula mazinga atsopano pamwamba pa akale. Imagwira ndi zinyenyeswa basi, mabampu a ku munda anangomalizitsa.

Nambala yachiwiri ija ndinakulemberani ine mu message yoyamba, 1.25, ili pompo. Inu munangoona 12.

Palinso china chimene bambo aja anandionetsa chimene inu simunatchuleko ngakhale kamodzi. Ma vavu amenewa amatulukira kunsi kuposa bawuti wamba, ndipo pa galimoto yoyenda m'minda ndi m'tchire pamafunika kakilipi kokhoma kachitsulo kotsegulira kaja kuti udzu, mapesi kapena kamtengo zisakankhe nkutsegula uli pa ulendo. Yanu ilibe kakilipi, ndipo sipuling'i yake ndi yofewa moti bambo aja anaitsegula ndi chala chimodzi osakweza nkomwe. Ndiye ngakhale mazinga akanakhala olondola ndikanakhalabe pa ngozi m'munda muja. Inu mukugulitsa kwa anthu a ma pikapu, mukuganiza kuti ma pikapu a kuno amayenda pa tala pokhapokha? Ambiri amene aika ma comment pa post yanu kufunsa mtengo ndi alimi ndi a mabizinesi a kumudzi, wina walemba kuti ali ku Ntchisi wina ku Mzimba, wina ali ndi Isuzu mwamuyankhanso kuti ilowa osamufunsa nkomwe kuti ndi ya chaka chanji injini yanji.

Kukonza kwake tinayesa kuganiza zoboola nkudula mazinga akulu kapena kuika ka helikoilo, kawaya kopota kobwezeretsa mazinga, koma mpando umene pamakhala washala unali utapindika chifukwa cha kulowa mokhota kuja ndiye ndinagula sampu ina yakale yochotsa pa galimoto ina, silikoni wake womatira, oyilo wina malita 7 pamene woyamba anangoyenda masiku asanu, fyuluta ina chifukwa bambo aja anati tisayerekeze ndi tinyenyeswa tija. Injini yadzuka, ikulira bwino pakadali pano, koma ine ndikuyendetsa khutu lili ku tebo nthawi zonse ndipo mtendere umene ndinali nawo ndi galimoto imeneyi ndilibenso.

Nditabwera ndi sampu yowonongekayo pa shopu panu tsiku lomwe ndinakupezani lija, munandiuza pamaso pa makasitomala kuti katundu akatuluka sabwezedwa ndipo ndinaononga ndekha pomanga ndi mphamvu. Ndinakuseweretsani voice note yanu yomwe mukuti ingomangani ndi sipanala, munati mukambirana ndi anzanu mundiimbira. Ndi masabata atatu amenewa. Chimene chinandiwawa kwambiri si ndalama, ndi kundiyankhula ngati munthu wosadziwa chimene akuchita pamene ine ndi amene ndinakupatsani saizi yolondola, ndi amene ndinaima nkukuimbirani itangolimba.

Zimene ndikufuna ndi izi ndipo sindikuonjezera kanthu. Mundibwezere ndalama za ma vavu onse awiri, yachiwiriyo ili bwinobwino m'kapepala kake mudzaitenge. Mundibwezere ya sampu, oyilo ndi fyuluta, ma risiti ndili nawo onse, ya wa lole ndi tsiku limene ndinataya ndazisiya sindikuwerengera. Koma chachikulu, chotsani mawu aja oti imalowa pa Toyota iliyonse lero lomwe, yezani katundu yense amene muli naye mulembe saizi yonse pa kapepala kalikonse, manambala onse awiri osati 12 yekha, ndipo amene munawagulitsa kale muwaimbire. Manambala awo muli nawo pa WhatsApp pomwepo. Pali munthu pakali pano akuyenda ndi vavu yogwira ndi zinyenyeswa pansi pa injini yake osadziwa.

Inu anzanga amene munagula kale ndipo inalimba polowa mpaka munagwiritsa sipanala kuyambira pachiyambi, chonde musadikire kuti idonthe, pitani kwa makaniko akaimasule ayeze mazinga. Ngati mukufuna kugula kwina kulikonse tengani bawuti yanu yakale mukaigundanitse ndi vavuyo mazinga kwa mazinga moyang'ana kuwala, akapanda kulumana bwinobwino onse isiyeni, ndipo funsani kakilipi.

Abwana, ndikudikira mpaka Lachisanu likubwerali. Mukapanda kundiimbira, Lolemba m'mawa ndikukasiya dandaulo ku CFTC, bungwe la boma loteteza ogula, ndi sampu ija m'manja, vavu yachiwiri, ma screenshot ndi voice note yanu. Nambala yanga muli nayo, ndi yomwe ija munalandirirapo K48,000.