Kudikira nyama pa nyambo si ulenje ayi

Akonzi,

Ndiloleni ndiikepo mlomo pa nkhani yomwe tinakangana pa gulupu lathu la WhatsApp sabata yathayi. Mphwanga ali ku America ndiye anatiuza zoti kumeneko alenje ena amangothira chimanga pansi nkukwera mumtengo ndi mfuti kudikira agwape abwere okha. Chimanga chenichenichi, chomwe ife tikuchita kugula cha pambale! Ku Texas nzololedwa pa malo a mwini wake, mpaka kuli timakina tomwaza chimangacho pa nthawi yake, koma ku Michigan boma linaletsa nyambo ku chigawo cha kumunsi mu 2008, linadzalolanso, kenako kuletsanso mu 2019. Osati chifukwa cha chisoni ayi, koma matenda. Agwape akaunjikana pa mulu umodzi amasiyirana malovu ndiye nthenda ya muubongo yomwe amaitchula CWD, inayamba kuoneka ku Colorado mu 1967, imafala msanga, nyama imangoonda mpaka kufa ndipo mankhwala ake kulibe.

Ine zinandikumbutsa malemu agogo anga a ku Namwera. Iwo ankadzuka kusanache ndi agalu awo, kulondola mapazi, kugwira ndowe kuti aone ngati nzalero, kuwaza phulusa m'mwamba kuti adziwe komwe mphepo ikulowera, ndipo masiku ambiri ankabwera chimanjamanja tonse nkudyera thelele osadandaula. Lero anyamata akungomasula waya wa buleki ya njinga nkukatchera pa kanjira kopita ku madzi, basi akagone. Madziwo ndiye nyambo yawo. Waya sasankha, agwira gwape, agwira galu wa mnzako, ngakhale njovu imaduka chitamba.

Wina pa gulupu anandifunsa kuti nanga asodzi athu owalitsa nyali usiku kuti usipa usonkhane, si nyambo imeneyo? Apo ndinakanda mutu, sindinama. Koma msodzi amakhala pomwepo mubwato usiku onse, satchera nkuthawa.

Kuno ku Malawi lamulo loteteza nyama lilipo, linakhwimitsidwa mu 2017 moti milandu ikuluikulu ya nyama zakutchire munthu atha kukaseweza zaka 30. Bungwe losamala nyama zakutchire la African Parks linayamba kuyang'anira paki ya Liwonde mu 2015 ndi nkhalango ya Mangochi mu 2018, ndipo misampha ya waya yomwe achotsamo ndi masauzande. Koma kumudzi anthu amangodziwa zoti ukagwidwa umangidwa, za chifukwa chake palibe anawauza bwinobwino. A ma wailesi tathandizani, mu Chiyao ndi Chichewa momwe, ndipo mashehe athu alankhulepo chifukwa nyama yofera pa waya masiku awiri osachinjidwa ndi nyamafu, haramu, koma imafika ndithu pa msika itawambidwa ndipo ogula safunsa kuti wachinja ndani.

Ine wanu,
Owerenga, Mangochi