Tisamakakamize ana athu kulankhula malilime

Akonzi,

Ndipatseniko mpata ndilankhule ndi abusa, atsogoleri a mafelowushipu komanso makolo anzanga pa nkhani ya malilime. Ndinenerentu kuti ine ndimapemphera m'malilime. Ndinayamba ndili mtsikana, ndipo mpaka lero mtima ukalemera, mawu a Chichewa akandithera pa maondo, ndimapitiriza m'malilime n'kudzuka nditapepukidwa. Amene awerenge kalatayi asanditenge ngati mdani wa mphatsoyi.

Chandilembetsa ndi mwana wa malemu akulu anga, mtsikana wa Fomu 3 amene ndikumulera. Mwezi watha anapita ndi anzake ku mapemphero ochezera usiku. Pakati pa usiku mlaliki anaitana onse amene sanalandire ubatizo wa Mzimu Woyera. Anawandandalika kutsogolo n'kuwauza kuti azibwereza mawu amodzimodzi mofulumira, lilime lisapume, mpaka zitseguke. Anzake anayamba mmodzimmodzi, iye n'kutsala yekha. Anthu anamuzungulira, wina akumukankha pachipumi, wina akumukuwira m'khutu kuti pali tchimo limene akubisa kapena chiwanda cha kumtundu. Pofuna kuti amusiye, mwanayo anayamba kutulutsa mawu ongopeka, ndipo anthu anaomba m'manja. Anafika pakhomo m'mawa maso atatupa, n'kundifunsa kuti, "Amayi aang'ono, ndanamiza Mulungu. Kodi andikhululukira?" Zinandipweteka kwambiri, mpaka lero.

Abale anga, Mzimu Woyera saphunzitsidwa ngati nyimbo ya kwaya. Pa Machitidwe 2, ophunzira analankhula monga Mzimu anawapatsira, ndipo alendo amene anali ku Yerusalemu, Aparti, Amedi, Aarabu ndi ena, aliyense anamva zazikulu za Mulungu m'chinenero cha kwawo. Kunyumba kwa Korneliyo, pa Machitidwe 10, Mzimu anatsika Petro ali pakati pa ulaliki. Palibe amene anagwidwa nsagwada.

Paulo, yemwe anayamika Mulungu kuti amalankhula malilime kuposa Akorinto onse, ndi yemweyo amene anafunsa pa 1 Akorinto 12:30 ngati onse amalankhula malilime. Funsolo lili pa mzere umodzi ndi mafunso akuti kodi onse ndi atumwi, kodi onse ndi aneneri, ndipo yankho lake tonse tikulidziwa. M'chaputala 14 anaika malire omveka: mumpingo alankhule awiri, akachulukitsa atatu, mosinthana, ndipo wina amasulire. Womasulira akasowa, wamalilimeyo akhale chete, alankhule ndi Mulungu wake mumtima. Ananenanso kuti pagulu angakonde kunena mawu asanu omveka kusiyana ndi mawu zikwi khumi m'malilime. Nanga ife timawerenga chaputala chiti pamene mlaliki atenga maikolofoni n'kulamula anthu mazana kuti onse ayambe nthawi imodzi, zimkuzamawu zikugwedeza malata a anthu oyandikana ndi tchalitchi?

Chiphunzitso chakuti malilime ndiwo chizindikiro choyamba cha ubatizo wa Mzimu chili ndi mbiri yake, ndipo ndi bwino tiziidziwa. Chinakhazikika mu 1901 pa sukulu ya Baibulo ya Charles Parham ku Topeka, m'dziko la America. Chinafalikira kudzera mu chitsitsimutso cha ku Azusa Street, mumzinda wa Los Angeles, chimene chinayamba mu 1906 motsogozedwa ndi William Seymour, mwana wa makolo amene anali akapolo. Mipingo ngati Assemblies of God, umene unakhazikitsidwa mu 1914, inachitenga ngati chiphunzitso chake. Chimene chimandikhudza n'chakuti Seymour analalikira za malilime iye asanalandire, ndipo anadikira nthawi ya Mulungu osanamizira. Pambuyo pake, ataona tsankho la mitundu pakati pa anthu omwewo olankhula malilime, anayamba kutsindika kuti chikondi ndi makhalidwe ndizo zimaonetsa kuti munthu wadzazidwadi. Ngati mkulu amene timamutcha kholo la chipentekoste anaona zimenezi, ife tikuchotsa kuti mphamvu youza mwana wa zaka 16 kuti ali ndi chiwanda chifukwa lilime lake silinatembenuke usiku umodzi?

Kwa abale a mipingo yakale amene amaseka kapena kudula anthu chifukwa cha malilime, nanunso kumbukirani kuti 1 Akorinto 14:39 akuti tisaletse. Ngakhale Akatolika, chiyambireni 1967, ali ndi magulu a Karismatiki amene amapemphera chomwechi mkati mwa mpingo wawo. Achinyamata ambiri amathawira ku mapemphero opanda woyang'anira chifukwa kwawo akafunsa za mphatso za Mzimu amangokalipiridwa.

Pempho langa kwa abusa n'lakuti muziphunzitsa machaputala 12, 13 ndi 14 a 1 Akorinto pamodzi, osadumpha la pakatilo lonena za chikondi. Munthu akafuna mphatsoyi mupempherereni mofatsa, ndipo ngati sinabwere tsiku limenelo muuzeni apite mu mtendere, akadali mwana wa Mulungu. Lekani kupatsa anthu mawu oti abwereze. Lekaninso kusankha oimba, otsogolera achinyamata ndi madikoni poyang'ana amene amakuwa kwambiri m'malilime, pamene mayi wofatsa amene amachezera odwala kuchipatala mukumusiya kumbuyo.

Mwana wangayo watha milungu itatu osafuna kupita kutchalitchi. Madzulo aliwonse tikumakhala pamphasa kuwerenga Masalimo, n'kupemphera m'Chichewa. Lamlungu lapitali anandiuza kuti ndikamudzutse m'mawa tipitire limodzi, koma anandipempha kuti tikakhale kumbuyo.

Mayi wokhudzidwa,
Ndirande, Blantyre