Chilengezo: Loweruka tikambirana za Amasufa ndi mchere wa ku Taghaza

Moni nonse, anzanga okonda mbiri yakale.

Loweruka likudzali tikumana pamalo athu a nthawi zonse, 2 koloko masana. Nkhani yathu ndi ya Amasufa, limodzi mwa mafuko a Aberber a gulu la Sanhaja, omwe ankalamulira migodi ya mchere ya ku Taghaza, m'chipululu cha Sahara, kumpoto kwa dziko la Mali.

Ibn Battuta, munthu wa ku Morocco amene adayenda maiko ambiri n'kulemba zomwe adaona, adafika kumeneko mu 1352, atayenda masiku 25 kuchokera ku Sijilmasa, mzinda wakale wamalonda wa ku Morocco. Adapeza mudzi wopanda mtengo ndi umodzi womwe, madzi akumwa amchere, ntchentche zili paliponse. Nyumba ngakhalenso mzikiti zidamangidwa ndi zibuma za mchere, madenga ake zikopa za ngamila. Okumba mcherewo anali akapolo a Amasufa, ndipo chakudya chawo, monga zipatso za kanjedza ndi mapira, chinkachokera kutali. Pamenepa ndipo ndikufuna tidzakhalitsepo. Tazolowera kutchula golide wa Mansa Musa, mfumu ya ufumu wakale wa Mali, koma za anthu amene ankatuluka thukuta m'maenjemo sitiyankhula.

Ngamila imodzi inkasenza zibuma ziwiri. Katunduyu ku Walata, mzinda wa kumwera kwa chipululu, ankagulidwa ndi mithqal (muyezo wa kulemera kwa golide) 8 mpaka 10, koma akafika ku likulu la ufumu wa Mali mtengo unkafika pa 20 mpaka 30. Amasufa omwewa ndiwo ankalondolera amalonda njira m'chipululu.

Amene muli ndi mapu a kumadzulo kwa Africa, chonde mudzabwere nawo, ndipo tisadzachedwe ngati ulendo watha uja.