Filimu ya kalate yoipa imene anthu akukana kuiiwala

Wokondedwa Mkonzi,

Ndipatseniko kampata m'nyuzi yathuyi ndikambeko za filimu ina yake ya kalate imene mphwanga anandionetsa pa foni sabata yatha magetsi atazima, dzina lake Miami Connection. Ndineneretu kuti filimuyi ndi yoipa, osati pang'ono ayi, koma pofika lero taionera katatu ndipo alamu anga amene poyamba amati tikungotha batile pachabe ndi amene akufunsa kuti tiibwereza liti.

Nkhani yake ili chonchi. Anyamata asanu, ana amasiye, amakhala nyumba imodzi ku Orlando m'chigawo cha Florida ku America, masana ali ku yunivesite usiku akuyimba ku kalabu ndi bandi yawo ya Dragon Sound, ndipo onse ndi akatswiri a taekwondo. Adani awo ndi ma ninja ogulitsa cocaine oyenda pa njinga zamoto. Eti ninja amene ife tinakula tikudziwa kuti amayenda mwakachetechete ngati mphaka, uyu akubwera ndi chiphokoso ngati anyamata a kabaza akulimbirana kasitomala. Ndiye dzina akuti Miami koma pafupifupi zonse zikuchitikira ku Orlando, musandifunse chifukwa.

Mwini filimuyi ndi bambo wina wochokera ku Korea, Y.K. Kim, mphunzitsi wa taekwondo amene anali ndi sukulu yake ku Orlando konko. Za mafilimu samazidziwa, chizungu chakenso chinali chovutirapo moti pena akulankhula, poti sitelingi wa filimuyi ndi iye yemwe, umachita kubweza kuti umve, koma anatenga ndalama zake, kukongolanso zina, pafupifupi 1 miliyoni ya madola, nkuitana ana a sukulu ake omwe kuti akhale ochita sewero, nkujambula mu 1987. Itatuluka mu 1988 inaonetsedwa m'ma holo ochepa a ku Orlando, anthu osabwera, olemba nyuzi nkuinyoza, ndipo patangotha masabata ochepa inachotsedwa. Mkuluyu anagwa nayo mphwayi, ndalama zonse zitalowa m'madzi, ndipo kwa zaka zoposa 20 sankafuna nkomwe kuti munthu amukumbutse.

Apa ndi pamene pandichititsa kulemba kalatayi. Mu 2009 mnyamata wina, Zack Carlson, amene ankasankha mafilimu oonetsa ku holo ya mafilimu ya Alamo Drafthouse mumzinda wa Austin ku Texas, anaona munthu akugulitsa mpukutu wa filimuyi pa eBay, msika wa pa intaneti, nkugula ndi madola 50 okha asakudziwa nkomwe kuti muli chani. Ataionetsa anthu anapenga nayo. Akuti a ku holoyi atamuimbira foni Kim kuti tikufuna tiitulutsenso iye amangodula, kuganiza kuti ndi anthu ofuna kumuseka, mpaka anachita kumunyengerera. Mu 2012 inatulukanso, ndipo bambo yemwe uja amene ananyozedwa kwawo anayamba kuitanidwa kukaima kutsogolo kwa holo yodzaza anthu akumuombera m'manja, ena atavala ma tisheti a Dragon Sound, akuyimba nawo nyimbo za bandi imene kunja kwa filimu kunalibe.

Ena amati anthuwa amangopita kukaseka munthu wolephera. Ine ndakana. Kuseka amaseka inde, nanga osaseka bwanji pamene sitelingi ali pa siteji wagwira mphuno ya mnzake ndi zala za kuphazi nyimbo ili mkati, kapena akuyenda nkumadyetsa anzake mphesa mkamwa mmodzimmodzi onse ali chifuwa pamtunda. Koma pali malo ena pamene mmodzi mwa anyamatawa akufotokoza za bambo ake amene sanawaonepo chikhalire, akulira mamina ali chuchuchu, kachitidwe kake nkosokonekera ndithu koma m'nyumba mwathu munangoti zii, mphwanga amene amaseka kwambiri uja nkuyamba kuyang'ana kudenga. Umachita kuona kuti anthuwa sankachita zachibwana, amakhulupirira ndi mtima wonse kuti akupanga chinthu chachikulu chophunzitsa ubale, ndipo chimenecho sungagule olo utakhala ndi kamera yodula bwanji. Mafilimu ambiri opangidwa bwino ndawaonera nkuiwala mawa lake.

Ndipo ife a ku Ndirande zimenezi si zachilendo. Tinakulira mu vidiyo sho, kachipinda kamdima ka mabenchi, chinsalu chakuda pakhomo, sipika ili panja kuti odutsa amve zibakera, fungo la thukuta ndi zitumbuwa. Tepi ikafika pamene sitelingi wamenyedwa mpaka kugwa kenako wadzuka kupukuta magazi pakamwa, chipinda chonse chimaimirira kukuwa, wina nkumauza mwini sho kuti bwezani pamenepo aise. Mafilimu ambiri amene timawakonda aja sanali a Jet Li kapena Van Damme ayi, anali a anthu osadziwika, ninja wovala zofiira akuuluka chingwe chikuoneka, koma timawadziwa pamtima mpaka kukayeserera ku dambo nkubwera kunyumba ndi chotupa pachipumi. Kenako kunabwera ma DJ omasulira m'Chichewa, munthu wa ku China nkumalankhula ngati wa ku Mbayani, nthabwala zake zoposa filimu yeniyeniyo.

Anzathu a ku Uganda zawo anazisamala. Who Killed Captain Alex? ya Nabwana I.G.G. yotuluka mu 2010, yojambulidwa ku Wakaliga mu Kampala ndi ndalama zosakwana madola 200, ikudziwika dziko lonse ndipo imaoneredwa limodzi ndi mawu a VJ Emmie amene amalankhulira pamwamba ngati ma DJ athu omwewa. Komatu nayonso inapulumukira mkamwa mwa mbuzi, mwini wake anafufuta yoyambirira mu kompyuta kuti apeze malo a filimu ina, imene anthu akuonera lero inachokera pa DVD.

Ndiye pempho langa kwa inu a Mkonzi ndi loti tsamba lanu la zisangalalo lisamangokhala la oimba ndi ma shoo a kumapeto a sabata. Tumani mtolankhani apite ku Ndirande, ku Mchesi, ku Chibavi, akapeze madala amene ankayendetsa ma vidiyo sho, awafunse kuti ndi filimu iti imene anthu ankaipempha mpaka tepi kudukaduka, akachezenso ndi ma DJ omasulira amve mmene amagwirira ntchito yawo. Kumene ine ndinkaonera kuja pano ndi saluni, ndipo nditafunsa za matepi aja anandiuza kuti ana anasolola riboni yake nkumangira mpira wachikulunga.

Wokonda mafilimu a kalate,
Ndirande, Blantyre