Zikomo a National Archives ku Zomba

Kwa akuluakulu a National Archives of Malawi,

Ndangotsika minibasi kuchokera kwanuko, ndipo mtima sukundilola kugona ndisanalembe kalatayi.

Ndine mphunzitsi wa mbiri pa sekondale ina kumudzi. Mwana wina wa Fomu 3 anandifunsa kuti, pamene atsamunda ankakhazikitsa Nyumba ya Malamulo mu 1907, chaka chomwe dziko lino linatchedwa Nyasaland, ankatiyankhulira ife anthu akuda anali ndani? Ndinafuna kumuyankha nditaona ndi maso anga zimene zinalembedwa nthawi imeneyo.

Kunena zoona, ndinabwera nditakonzekera kubwezedwa. Maofesi ena andiphunzitsa zimenezo. Kwina ndinakhala pa benchi kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, yankho lake n'kukhala lakuti abwana ali ku msonkhano, mubwere mawa. Mawa lakelo, wosunga kiyi wapita ku maliro. Kwinanso mnyamata wa pakauntala, diso lili pa foni, anandiuza mosaphethira kuti faelo imapezeka msanga pakakhala ya fanta. Ndinabwerera ndalama ya thiransipoti itapita pachabe.

Kwanu zinali zina. Za mafomu sindikumbukira bwino, ndinangolemba penapake basi. Amene sindidzawaiwala ndi mayi wina wa m'chipinda chowerengera. Atamva kuti ndachokera kutali, anati, "Khalani apa aphunzitsi, tiyesetsa." Anandifotokozera modekha kuti moto wa mu 1919 unapsereza mafaelo ambiri a ku likulu la boma ku Zomba, choncho tidalire zokambirana za m'Nyumbamo zomwe zinasindikizidwa. Anabwera nazo atazifungatira ngati khanda. Mapepala ake ofiirira, ofumbutuka m'mphepete, ndipo anandisonyeza kutsegula kwake ndi chikhatho chonse, osanyowetsa chala ndi malovu monga tinazolowera. Nthawi ya nkhomaliro itakwana, ndinayamba kulongedza, poganiza kuti andithamangitsa. Iwo anangoti ndipitirize, chakudya chawo chidikira. Magetsi atathima anandisunthira tebulo pafupi ndi zenera. Mayi amenewa sanandidziwe, sanandipemphe kanthu.

Ndipo yankho la mwana uja ndinalipeza. Pampando panali bwanamkubwa Alfred Sharpe, ndipo mamembala onse anali azungu, opanda ndi mmodzi yemwe wochita kuvoteredwa. Zofuna za anthu akuda anazisiya m'manja mwa mmishonale, monga Alexander Hetherwick wa ku Blantyre Mission. Malamulo okhudza malo ndi msonkho wa nyumba, womwe unkakankhira agogo athu ku thangata, ankakambidwa eni ake ali kunja. Ndinawerenga misozi ikulengeza. Panatha zaka 42 kuti Amalawi oyamba alowemo mu 1949, nawonso ochita kuikidwa ndi bwanamkubwa, kenako mu 1956 m'pamene analowa a Henry Chipembere ndi a Kanyama Chiume, amene sanapite kukaombera m'manja atsamunda.

Pochoka, mayi aja anandiperekeza mpaka pakhomo, n'kundiuza kuti ndikawapatse moni ana. Chonde akuluakulu, muwafikitsire kuthokoza kwangaku pamaso pa anzawo. Ndikadakonda aja a mubwere mawa atabwera kudzakhala nawo tsiku limodzi lokha.

Teremu ikubwerayi ndikufuna kubwera ndi ana khumi a kalasi yanga, ngati mungatilole.

Ine wanu,
Mphunzitsi wa mbiri